Sizasi Atsanzika pa Fakitale

Pa fakitale yosoka mayunifomu panali mayi wodula nsalu amene onse ankangomutchula kuti Sizasi. Anali atagwira ntchito pa tebulo lalitali lodulirapo nsalu zaka khumi ndi chimodzi, choko kukhutu, tepi m'khosi. Lachisanu lina kumapeto kwa chaka bonasi inatuluka, yonenepa kuposa zaka zonse. Anzake anavina pakati pa makina, koma iye anayamba kuwerengera mumtima. Ndalamayo inali yokwana kulipirira kachipinda ka pafupi ndi msika, momwe ankalakalaka kutsegula shopu yakeyake, ndipo mwini kachipindako anali atanena kuti sadikira munthu.

Chomuvuta chinali chakuti fakitale inali italandira ntchito ya masukulu atatu, yofunika kutha m'masabata asanu ndi limodzi, ndipo wodula wina panalibe.

Poweruka, mnzake wosoka mabatani, amene ankamutcha Chiphaliwali, anamukoka dzanja.

"Ine Lolemba simundiona, achemwali. Ndalonjezedwa ntchito ku kampani yosoka makatani. Yanga ndatenga, ndizikatsanzikanso chiyani? Kodi abwanawa ndi apongozi anga?"

Kunyumba nako mlamu wake anaimba nyimbo yomweyo. "Alamu, papsa tonola. Thimitsani foni, mawa mukatenge makiyi a shopu. Iwowo atafuna kukuchotsani angakufunseni maganizo?"

Mawuwo anamukomera, koma mtima sunakhazikike. Loweruka m'mawa anatenga mapepala ake n'kupita kwa a Tcheya, mkulu wa bungwe la ogwira ntchito pa fakitalepo. Anawapeza pakhonde akukonza njinga. A Tcheya anasamba m'manja, navala magalasi, n'kuwerenga kalata ya bonasi kawiri konse.

"Poyamba muzifunsa ngati bonasi ili ndi chingwe," iwo anatero. "Malo ena amalemba kuti ukachoka msanga ubweze. Yanuyi ilibe. Ndi ya thukuta la chaka chathachi, musachite nayo manyazi. Koma pangano lanu la ntchito likuti wochoka azidziwitsa kudakali mwezi umodzi."

"Nanga kachipinda kaja akapatsa wina?"

"Kalipireni lero, kadikire kotseka. Chipinda mukhoza kupeza china, mayi. Dzina likang'ambika, palibe telala amene angalisoke."

Sizasi analipira kachipindako tsiku lomwelo. Lolemba anagogoda pa ofesi ya a manijala ndi kalata yotsanzika ntchito m'manja. A manijala anali atakwiya kale, poti makina a Chiphaliwali anali okutidwa ndi nsalu, mwini wake osaoneka. Atawerenga kalatayo anaiponya pa tebulo.

"Nanunso? Mwangodikira ndalama kuti muthawe?"

Sizasi anayankha ali chiimire. "Wothawa sagogoda, abwana. Pangano likuti mwezi umodzi. Ine ndikhala mpaka yunifomu yomaliza ituluke, ndipo ndisiya nditaphunzitsa munthu kudula."

Masabatawo anali owawa. A manijala ankamudutsa osamupatsa moni. Mlamu wake ankamuseka kuti akulipirira akangaude nyumba. Iye anasankha mayi wina wachete wa kumakina, n'kuyamba kumuonetsa kayalidwe ka nsalu kuti zidutswa zisamatayike, ndi kadulidwe ka kolala kuti isakhote. Mayiyo anawononga nsalu kawiri, Sizasi osamukalipira. Sabata yachisanu anali akudula yekha, Sizasi atapinda manja kumbali, akumwetulira ngati kholo pa tsiku la mayeso a mwana.

Pa tsiku lomaliza, makatoni onse atakwezedwa m'galimoto, a manijala anazimitsa makina nthawi isanakwane n'kuitana onse.

"Ndinakulankhulani zosayenera, mayi," anatero kwa Sizasi pamaso pa gulu. "Pepani." Anamupatsa kalata ya umboni wa ntchito yake, n'kuwonjezera kuti, "Anthu amabwera kuno kufuna madiresi ndi masuti, ife sitisoka zimenezo. Kuyambira mawa ndiziwalozera kwanu."

Patapita mwezi, Chiphaliwali anatulukira pa shopu ya Sizasi nkhope itagwa. A kampani ya makatani anali ataimbira foni a manijala kufunsa za khalidwe lake, ndipo anauzidwa zoona zokhazokha: kusoka amatha, koma anachoka osatsanzika ntchito ili pakati. Malo aja anapatsa wina.

"Mulibe kantchito, achemwali? Ngakhale kopinda m'mphepete."

Sizasi anatembenukira ku ntchito imene inali kumudikira. Pa waya panali madiresi asanu ndi awiri a operekeza mkwati, onse opanda mabatani.

"Kalipo," anatero. "Koma uyambe wapita kukapepesa kwa abwana. Ndikuperekeza."

"Inu simuchita mantha kubwererako?"

"Mantha a chiyani?"

Anatseka shopu masana omwewo. Atafika pa geti la fakitale, mlonda anaimirira n'kutsegula lonse ngati kukubwera galimoto. M'katimo makina anayamba kuima amodziamodzi, amayi akudzuka kudzamupatsa moni. Sizasi anayenda pakati pawo mutu uli m'mwamba, mnzake akumutsata pambuyo, mpaka pakhomo la ofesi.

Phunziro: Bonasi ndi malipiro a thukuta lako, koma usanasiye ntchito werenga pangano, funsa odziwa, dziwitsa mabwana nthawi ilipo, ndipo maliza zimene unayamba. Kumene wachoka bwino umabwererako osazyolika.