Ngalande ya Esinala

Ku Kasisi mijigo ilipo, koma madzi ake ndi amchere moti ngakhale sopo amakana kuchita thovu. Chitsime cha madzi okoma chinali chimodzi, kuseri kwa nyumba ya Esinala, pomwe mudzi wonse unkatunga, ndipo mayiyu ankachinyadira kuposa ana ake omwe.

Chakumtunda kwake kunkakhala mlamu wake Geresomo, munthu amene sankamwerana naye madzi kuyambira kale. Chaka chino Geresomo anasanja matumba a mchenga kuti ateteze nyumba yake. Madzi a mvula anakhota, n'kudutsa m'khola la mbuzi, n'kumathera pafupi ndi chitsime chija atanyamula zonyansa zonse.

"Alamu, chotsani matumba anuwo!" anakuwa Esinala. "Mukufuna tizimwa manyi a mbuzi zanu?"

"Madziwo si anga, ndi a Mulungu," anayankha Geresomo osadzuka n'komwe pampando. "Kawauzeni eni akewo."

Esinala anapsa mtima koopsa. Anayamba ndi Juliana, mkazi wa Geresomo: anamuletsa kutunga pachitsime, chidebe chake n'kuchiponyera kunja kwa mpanda. Kenako anatenga khasu. Masiku awiri dzuwa la kuchigwa likumuwotcha msana, anakumba ngalande yoti ilandire madziwo n'kukawakhuthulira m'dimba la Geresomo kumunsi. Chimanga chikokoloke, aone polekera.

Juliana podutsa anaima n'kuyang'anitsitsa. "Inu, ngalandeyo yayandikira chimbudzi chanu. Dothi la kuno silichedwa kugumuka."

"Samalani za kwanu, mfiti inu!"

Malangizo akachokera kwa mdani, ndani amawamva? Esinala anakumbabe, mwinanso kuonjezera kuzama kwake.

Lachinayi masana mvula inagwa yamkuntho. Madzi anatsata ngalande bwinobwino, Esinala akusekerera pakhonde. Kenaka anamva chiphokoso. Khoma la chimbudzi linali litagwera m'ngalande, dzenje litatseguka. Ngalande itatsekeka, zonse zinasefukira kotsika, molunjika kuchitsime. Anathamanga ndi khasu akulira mokweza, koma fungo linali litamuuza kale zonse.

M'mawa mwake ananyamula chidebe kupita kumjigo kumene anali asanapondeko kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Anapeza Juliana akupopa. Amayi ena onse anatembenuka kumuyang'ana.

Juliana sanaseke. Analoza ndi chibwano kumapeto kwa mzere wa zidebe.

"Kaikeni kumbuyo uko. Amcherewa mwatimwetsa tonse, ndiye inu mumwa pomaliza."