Utsi wa Tsabola mu Shedi ya Thonje

Anthu a ku Kakumbi mpaka lero amati mng'ono wanga Tabeth ndi wamisala. Ine Dolly ndimawauza kuti atseke pakamwa, chifukwa tsikulo ndinalipo ine, iwo anali atathawa n'kusiya mapatapata.

Mwamuna wa Tabeth, Silas, ankaperekera zakudya pa loji ina m'mbali mwa Luangwa. Mvula ikatseka misewu, alendo ankawaikira filimu yakale, yaitali zedi, ya msilikali amene anasiya mkazi pa famu n'kupita kunkhondo. Silas ankaionera pakhomo, thireyi ili m'manja, ndipo akafika kunyumba ankamufotokozera Tabeth, mpaka kutsanzira mahatchi. Koma mathero sanawaonepo. Ikangofika poti msilikali wavulala, alendo amakhala atamaliza kudya, iye basi kukatsuka mbale. Ndiye awiriwo ankangokangana ngati ana. Silas ankati munthuyo abwerera, Tabeth ankati wafa ameneyo, nkhondo si masewera.

Njovu inamupeza Silas m'munda wa chimanga mu Malichi. Sindifotokoza zambiri. Tinamutolera m'chitenje. Asikauti a zanyama anabwera, anawombera m'mwamba, n'kubwerera kukampu kwawo. Njovuyo ikudyabe chimanga cha anthu.

Maliro atatha Tabeth anandiuza kuti, "Asisi, ndikufuna ndione mathero a filimu ija. Ndidziwe amene ankanena zoona."

"Iwe, mutu wako ukuyenda?" ndinatero. "Sunamete. Achibale a mwamuna wako sanakumasule. Namfedwa amakaonera zachikondi pagulu?"

Anakapeza Remmy, mnzake wa Silas, amene ankayenda ndi galimoto ya bungwe la zanyama kuonetsa kanema m'midzi. Remmy anavomera kukabwereka filimuyo kuloji, koma anati lamulo la mabwana ake nlakuti ayambe ndi kanema wa njovu.

Loweruka, cha m'ma thu koloko, tinadzaza m'shedi ya thonje. Mipata yonse anaitseka ndi masaka kuti mukhale mdima, jenereta ikulira panja. Ine ndinapita chifukwa mwana wa mayi anga sindikanamusiya yekha.

Pansalu yoyera panabwera njovu ikusisita mwana wake ndi chitamba, mawu akuti njovu ndi chuma chathu. Chuma! Mayi wina analavula. Kenako anaimirira Meshack, mkulu wake wa Silas, munthu amene anakumba yekha manda a mng'ono wake.

"Chuma cha ndani?" anakuwa. "Mwatiphera munthu, lero mukutionetsa nkhope ya wakupha?" Atatembenuka anamuona Tabeth. "Ndi inunso, mlamu, muli pano? Dothi la pamanda lisanaume?"

Tabeth anangoyang'ana kutsogolo. Meshack anamenya chitseko n'kutuluka, ndipo ine mtima unandiuza kuti sizinathe.

Filimu ya Silas inayamba. Chizungu chake sitinkachimva bwino, koma kulira kwa mkazi sikufuna womasulira. Anthu anaiwala za njovu. Amuna ankaimba mluzu akapsompsonana, azimayi ankatukwana apongozi a mkaziyo. Tabeth ankandinong'oneza zimene zichitike zisanachitike, ndipo zinkachitikadi. Ndinamva chisoni, osanama. Zinali ngati Silas wakhala pakati pathu akufotokoza.

Ndiye msilikali anagwa pahatchi, magazi pachifuwa. Tabeth anandifinya dzanja. "Apa ndi pamene ankalekezera."

Pomwepo saka lina linang'ambika, chinthu choyaka n'kugwera pakati pa anthu. Kenako china. Kwathu kuno timaumba zibuma za ndowe za njovu ndi tsabola wowawa, n'kuziyatsa m'mphepete mwa munda kuti utsi wake uthamangitse njovu. Ganizani nokha, utsi umene umabweza njovu, m'shedi yotseka!

Mayo ine! Anthu anakhosomola, anakuwa, anakwerana pamsana. Mabenchi anagwa. Chitseko chinali chimodzi, ndipo ndinaona mkulu wina wa mpingo akuponda mayi wapansi kuti atuluke. Chitseko chenichenicho chinazuka. Ine ndinamukoka Tabeth, koma anakakamira benchi ngati nkhupakupa.

Mu utsimo munalowa Meshack, atamanga nsalu yonyowa kumaso, mpini wa khasu uli m'manja. Ankalunjika pa makina oonetsera filimu. Remmy anamuimika, koma mpini unamupeza pakhutu, anagwa pansi. Meshack anatukulanso mpini. Tabeth anadziponya pamwamba pa makina, ndipo mpiniwo unamugwera iye pankhope. Phokoso lake ndimalimvabe.

"Chokani, mlamu!"

"Ndipheni kaye!"

Meshack anamukoka tsitsi, tsitsi lomwe anali asanamete lija, n'kumumenya chibakera padiso. Apo ine ndinaiwala kuti ndine wa chigwirizano kutchalitchi. Ndinanyamula mwendo wa benchi n'kumuphwanya nawo kumsana. Anatembenuka, anandikankhira kukhoma, dzino langa ili linathyokera pamenepo. Ndili pansi ndinaona Tabeth akutola chibuma cha tsabola ndi dzanja lake, chikuyaka choncho. Anamukanganula Meshack nsalu ija n'kumupaka chibumacho kumaso.

Bambo wamkulu analira ngati mbuzi. Anataya mpini, anagunda khoma, anapapasa mpaka anapeza khomo. Ndinamva akusanza panja. Lero ndimamumvera chisoni, nayenso anali wofedwa. Koma tsikulo ndikanatha kumutsiriza.

Ndinakankhira zibuma zotsala kunja ndi phazi, ndinagwetsa masaka awiri kuti mphepo ilowe. Remmy anali atakhala tsonga, atagwira khutu. Ndipo makina aja, mwana wa mfiti, ankangoyendabe. Zithunzi zinali zitatuwa ndi kuwala, koma zinkaoneka.

"Tiye kuchipatala," ndinamuuza Tabeth. Dzanja lake linali litatupa matuza, diso limodzi litatsekeka ndi magazi, linalo tsabola atalitseka.

"Ndikhazikeni pabenchi."

"Tabeth, usandiyese."

"Asisi, sindikuona. Muzindiuza inu."

Ndinamukhazika. Maso anganso ankayaka, mamina ali chuchuchu, koma ndinawatong'ola ndi zala. Ndinamuuza kuti mkazi uja wavala zakuda. Kuti wagulitsa mahatchi. Kuti mwamuna wina wachuma akumufunsira, iye wakana. Kuti tsitsi lake layamba imvi, akulima yekha.

"Mwaona?" anatero Tabeth. "Ndinamuuza Silas kuti wafa."

Kenako pamsewu wa ku famu panatulukira munthu woyenda ndi ndodo. Nyimbo inakwera, ndipo Tabeth anaimva.

"Chachitika n'chiyani?"

Ndinafuna kunama, koma bodza linandikanika.

"Mkaziyo wataya khasu. Akuthamanga."

"Akuthawa ndani?"

"Sakuthawa, Tabeth. Wabwera. Mwamuna wake wabwera."

"Wamoyo?"

"Wamoyo. Akutsimphina chabe."

Kenako anaimirira, anayenda mopapasa kulondola nyimbo, akupunthwa pa mabenchi, mpaka dzanja lake lopsa linakhudza nsalu yoyera ija. Chithunzi chinagwera pa iye, awiri aja akukumbatirana pamsana pake. Anaigwira nsaluyo ndi manja onse, anaikoka mpaka misomali inazuka, n'kugwa nayo pansi.

"Ake abwera," anatero, akuiluma nsaluyo. "Asisi, ake abwera. Nanga anga?"