Zorica Asaponde Pakhomo

Chibwerereni kuchipatala ndi khanda lake, Zorica anali asanatulukeko panja. Apongozi ake, a Milunka, anali atagamula kale: mayi wa m'chikuta saponda pakhomo mpaka masiku makumi anayi atakwana, wansembe n'kumupempherera. Mazenera onse anatseka kuopa kamphepo kodutsa m'nyumba, kamene kwathu kuno timakanamizira chilichonse, kuyambira dzino mpaka imfa. Kunja dzuwa la Julaye, mwezi wotentha kwambiri kuno, linkawamba chimanga, koma apongoziwo anamuveka Zorica masokosi aubweya.

Tsiku lina m'mawa Zorica anadzuka akunjenjemera. Akagona, m'mimba munkapota. Akakhala tsonga, chizungulire. Ankangoyenda, pabedi, pazenera, pabedi, osapeza pokhala. Magazi amene anali atayamba kuchepa tsopano ankatuluka ndi fungo loipa. Mawu a namwino ankangomubwerera m'mutu: thupi likatentha kapena mukamva fungo, musadikire. Mantha anamugwira zedi.

Alendo sankatha m'nyumbamo, koma onse maso anali pa khanda, kaulusi kake kofiira padzanja, mphuno ya agogo ake. Wobereka uja anali ngati poto amene apakulamo kale.

"Amayi, ndipititseni kuchipatala," anatero Zorica.

"Ndi kamphepo ako. Dzulo unatsegula zenera, ukuyesa sindinamve?" anayankha a Milunka, akuviika nsalu m'mowa wa rakija kuti amukulunge kumapazi.

"Radoje, lankhulako iwe!" anadandaula Zorica.

Mwamuna wakeyo, chimunthu chonyamula nkhumba paphewa, ankangotembenuza makiyi a galimoto m'manja. Maso anali kwa mayi ake.

A Milunka anagwada, n'kuvundukula bulangete. Fungo lija linawapeza pomwepo. Nsalu ija inkangodonthezera pasiketi yawo. Fungolo analidziwa. Linali lomwe lija la m'chipinda cha mng'ono wawo, amene atabereka anasunga mwambo osaphonya kalikonse, koma tsiku la pemphero sanalione.

"Iwe chitsiru, waimiranji ngati mzati? Munyamule!"

"Nanga masiku aja, Amayi?"

"Ndati munyamule! Phazi lake lisakhudze pakhomo, basi. Kwa wansembe ndikayankha ndine."

Radoje anamunyamula mkazi wake. A Milunka anakankha chitseko cha kuchipinda, kenako cha panja, n'kuzisiya zonse pululu. Mphepo inadutsa m'nyumba monse mpaka makatani kuuluka, koma iwo osacheuka n'komwe. Anatsatira pambuyo ndi patapata wa m'nyumba, khanda lili pachifuwa, atalikulunga mabulangete awiri, pakuti zina sizisintha tsiku limodzi.

M'galimoto anakhala kumbuyo. Anagoneka mutu wa Zorica pamiyendo pawo, dzanja limodzi pa khanda, lina pamphumi yotenthayo. Radoje akulimbana ndi giya, a Milunka anawerama n'kufunsa funso limene palibe anali atalifunsa chibadwire khandalo.

"Mwana wanga, pakupweteka ndi pati?"