Anthu a M'galasi la Mayi Anesi

Mphekesera inayambira ku sikelo, poyezera tiyi paja. Akuti mayi Anesi akusunga ndondocha m'galasi la pawindo lawo. Akuti n'chifukwa chake dengu lawo limalemera kuposa la aliyense, anthu akufawo amawathandiza kuthyola. Amene anasuzumirapo ankalumbira kuti aona anthu atandanda, nkhope zoyera mbee, mano akuda bii.

Chonsecho galasilo mayiwo anangolitola pa bwinja la nyumba ya mzungu wakale wa esiteti, n'kutseka nalo bowo lolowetsa mphepo. Koma anthu a pa malaini a nyumba za antchito mumawadziwa kale. Lamlungu m'mawa anadzaza pakhomo, kutsogolo kuli a Gideoni, kapitawo, mwala uli m'manja.

"Mayi, tulutsani katundu. Mfiti pa laini pano ayi."

Tinenenji, mwana wa mayi Anesi, anaona kuti zinthu zaipa. Akathamangitsidwa ndiye kuti nyumba yapita, ntchito ya amayi yapitanso. Komatu mtsikanayu anali ndi kake kobisa. Pa Sabata ankazemba mapemphero a masana n'kukaonera vidiyo ku Khonjeni. Filimu ina inali ya anthu a kunyenyezi omwe dziko lawo linapsa, koma nkhope ndi mawu a makolo awo anazisunga m'kagalasi. Akakaika pa tebulo lakuda n'kukawalitsa, makolowo ankaoneka.

"Dikirani kaye, akapitawo," anatero Tinenenji. "Galasi limasunga zinthu. Ndinaona mu filimu."

"Filimu iti? Liti?" anafunsa mayi ake, misozi itaiwalika.

"Zimenezo pambuyo, amayi."

Anthu ena anayamba kuseka. Tinenenji anazula timisomali, n'kutsitsa galasilo. Tebulo lakuda analibe, ndiye anapempha siketi yakuda ya aneba awo, mayi Alesi, imene inali pa chingwe, n'kuiyala kumbuyo kwa galasi. Anapendekera ku dzuwa. Palibe. Anapendekeranso mbali ina, pang'onopang'ono, ndipo nkhope zija zinada ngati zathu, mano anayera. Anali anthu othyola tiyi, madengu kumsana, kumbuyo kwawo phiri lomweli timaliona daily.

"Ndondocha yanji yoima pa mzere kudikira kujambulidwa?" anatero mayi Alesi. "Ichi n'chithunzi, anthuni."

A Gideoni anawerama, n'kuyang'anitsitsa bambo wina wakumapeto, wa khutu lodukaduka ndi chipewa chachikulu. Mwala unagwa wokha.

"Awa ndi abambo anga," anatero motsitsa mawu. "Khutulo linadyedwa ndi makina a ku fakitale. Chithunzi chawo ndinalibe n'chimodzi chomwe."

"Ndiye mumafuna kuwaswa ndi mwala abambo anu?" anafunsa Tinenenji.

Laini yonse inafa nacho chiseko. Amene anabwera kudzataya katundu anayamba kukankhana, aliyense kufuna aone ngati agogo ake alimo. A Gideoni anapepesa atavula chipewa, mawa lake anatumiza galasi latsopano la windo, ndipo analonjeza kupita nacho chithunzi chakalecho ku Limbe kuti akachitsuke pa pepala. Mayi Anesi anayenda mpaka ku sikelo mutu uli m'mwamba ngati mkazi wa manijala.

Nkhani ya vidiyo pa Sabata yokha ndi imene sinathe. Shamu mayi Anesi anaithyola, koma mpaka lero ili patsindwi. Mukanakhala inu, mwana wotereyu mukanamukwapula?