Valavu Yomvera Lyuben Yekha

Pa siteshoni ya magetsi a nyukiliya ya m'mbali mwa mtsinje, ukafuna kudziwa za mavalavu oyendera mpweya, zitsulo zotsegula ndi kutseka mapaipi, ankakulozera kwa Lyuben Garvanov. Ukapanda kufuna, Lyuben ankakupeza yekha, kawirikawiri m'kantini, iwe utadzaza chitumbuwa cha banitsa m'kamwa osatha kumukana. Adali injiniya wonenepa, wadazi, ndipo mavalavuwo adayamba kuwagwira adakali ndi tsitsi komanso chiuno. Ankati zinthu zimenezi n'zosavuta, ovuta ndi anthu. Mpweya wochokera ku kompuresa umakankha labala m'mutu mwa valavu n'kuigwira ili chotsegula. Pakachitika zovuta, kavalavu kakang'ono ka magetsi kokhala pambali pake kamataya mpweyawo, sipuling'i n'kukankha, valavu yaikulu ija n'kutseka. Pofotokoza ankagwiritsa ntchito kapu ya khofi ya womverayo, ndipo kapuyo inkabwerera ilibe kanthu.

Mu Epulo adazimitsa riyakitala yachiwiri, ng'anjo ya nyukiliya, kuti aikonze monga amachitira chaka ndi chaka, n'kuyamba kuyesa mavalavu imodziimodzi. Woyesayo amadina batani m'chipinda chowongolera makina n'kudikira kuti nyale isinthe mtundu nthawi yoikika isanathe. Mavalavu onse adakhoza kupatula imodzi ya pa paipi ya madzi oziziritsa, m'chipinda chapansi chotentha ngati uvuni wa buledi. Imeneyo idayamba yaganiza kaye. Nevena Tosheva, mkulu wa shifiti, mayi wosalankhula zambiri wovala magalasi a chingwe m'khosi, adadina n'kudikira mpaka kuyamba kuyang'anana ndi anzake. Mmene valavuyo inkatseka n'kuti nthawi itapitirira kalekale.

Adaitana Lyuben. Iye adatsikira pansi paja ndi tochi yake yaitali ndi wailesi ya ovaova, adaima pafupi ndi valavu akupukuta thukuta, n'kuuza Nevena kuti adine. Mpweya udati fuu, valavu idatseka msangamsanga ngati yatsopano. Adabwereza, chimodzimodzi. Lyuben adakwera masitepe ali wefuwefu koma mtima uli mbee, ndipo adauza Nevena mwachifundo kuti munthu akatopa amaona zinthu.

Mawa lake adayesanso iye kulibe, valavu idachedwanso. Atatsika mwini wake idatseka. Zidapitirira choncho mpaka nkhani idafika m'kantini. Ena ankati valavuyo ndi chibwenzi chake, ena ankati amuikire bedi pansipo azigona komweko mpaka adzapume pa ntchito. Wina wa ku zamagetsi adadula chithunzi cha Lyuben m'kanyuzipepala ka pakampani n'kuchimata pa paipi kuti mwina valavu ipusitsika. Sidapusitsike. Lyuben ankakwinya nkhope n'kumati anthu akusewera ndi zinthu zoopsa, koma mumtima ankamva kukoma. Zaka zonsezi popanda womupatsa mendulo, lero chitsulo n'chimene chadziwa kuti pano pali munthu. Atafotokozera mkazi wake Temenuzhka pa chakudya chamadzulo, mayiyo adangoti, "Chabwino, bambo. Ndiye kuti chilipo chinthu chimodzi pa dziko lino chimene chimakumverani."

Koma injiniya sangauze akuluakulu kuti chitsulo chimamukonda. Pankafunika chifukwa. Adayamba ndi labala wa m'mutu mwa valavu, nati ogula zipangizo atenga wotchipa wosapirira kutentha. Adamusintha, adayesa yekha, idatseka, ndipo adalengeza kuti vuto latha. Mawa lake Nevena adaimba foni. Lyuben adasintha sefa ya mpweya, adayeza sipuling'i, adamasula pang'ono pamene adaganiza kuti padathina. Nthawi iliyonse ankayesa yekha n'kulengeza, ndipo nthawi iliyonse foni inkalira. Kavalavu ka magetsi kaja sadakakayikire, chifukwa pamaso pake sikadalephereko ngakhale kamodzi.

Zoti aziloza chala zitatha pansi, adayang'ana kumwamba. Pa msonkhano wam'mawa, pamaso pa mkulu wa mainjiniya a Stamen Belchev, Lyuben adaima n'kunena kuti valavu ilibe mlandu. Ngati pali vuto lili ku batani, kapena ku mawaya a nyale, kapenanso, pepani kunena, ku zala zodinazo. Nevena adavula magalasi n'kuwasiya agwere pachifuwa. Mayi ameneyu ndiye adaimirira mwana wamkazi wa Lyuben pa ubatizo, ndipo mabanja awiriwa ankadyera limodzi nkhosa pa tsiku la Jorji Woyera chaka chilichonse. Lyuben adakumbukira zimenezi atakhala kale pansi.

Sabata yotsatira kudabwera Mayi Dochka Pehlivanova a ku bungwe loyang'anira za nyukiliya ku likulu, mayi wamfupi woyenda ndi nsapato zake zachitetezo m'chikwama. Adamvetsera mbali zonse n'kunena kuti riyakitala siyaka mpaka wina awauze chifukwa chimene valavu yotseka madzi pa nthawi ya ngozi imasankhira anthu. Apa ndi pamene Lyuben adabweretsa nzeru imene adainyadira kuposa zonse. Adati aike makamera awiri, ina pansi pa valavu, ina m'chipinda chowongolera, ajambule nthawi imodzi, kuti aliyense adzionere yekha kumene kukuchokera ulesi. A Belchev adavomera. Tsiku lojambula Lyuben adameta ndevu, adavala chisoti chatsopano, ndipo kamera itayaka adakokera mimba mkati mpaka kumva chizungulire. Valavu idatseka mokongola.

M'mawa mwake chipinda cha misonkhano chidadzaza. Lyuben adaima pafupi ndi khoma loonetserapo kanema, kandodo kolozera kali m'manja. Pa khomapo padaoneka bambo wina wonenepa amene mimba yake sidamve zoti ikokedwe. Bamboyo adayankhula pa wailesi, kenaka, akudikira kuti Nevena adine, dzanja lake lamanja lidanyamuka ndi tochi n'kugogoda pa kavalavu ka magetsi kaja. Go, go. Mopepuka, nkhope ikuyang'ana kwina, ngati munthu wofika pa khomo la mnansi amene amalowapo tsiku lililonse. Mpweya udati fuu.

Lyuben ndiye adayamba kuziona. Adamva thukuta likutsika kuchokera pa dazi kulowa m'kolala. Dzanja limenelo lidaphunzira zimenezi kalekale, m'masiku a mavalavu akale amene sankayenda popanda kuwakumbutsa, ndipo lidapitiriza ntchito yake osamuuza mwini wake. Chinthu choyamba chimene injiniya wa zaka zambiriyu adachita n'kusuntha pang'onopang'ono mpaka kuima pakati pa khoma, kanema n'kumaonekera pa malaya ake.

"Tabwezani pang'ono," adatero Mayi Pehlivanova.

"Mbali yofunika kwambiri ndi ya kuchipinda chowongolera, mayi. Tidumphire kumeneko," adatero Lyuben.

"Tabwezani. Ndipo a Garvanov, tasunthani, mwatitchinga."

Adabweza. Go, go. Adabwezanso, ulendo uno mochedwetsa, moti tochi idatsika mwaulemu ngati dzanja la wansembe podalitsa.

"Dzanja limeneli ndi landani?"

"Likufanana ndi langa."

"Likuchita chiyani?"

Lyuben adaliyang'ana pa khomapo, kenaka adayang'ana lenilenilo limene lidagwira kandodo. "Likuodira, mayi."

Palibe adaseka. A Belchev adaphimba maso ndi chikhato. Mapewa a Nevena okha ndiwo ankagwedezeka, iye atayang'ana pawindo.

Masana omwewo adatsikira onse pansi paja, ndi Nevena yemwe, batani atasiyira womutsatira. Mayi Pehlivanova adalanda tochi n'kuuza Lyuben kuti apise manja m'matumba. Adalamula kuti adine. Palibe chidachitika. Kavalavu kaja kadangolira pang'ono ngati udzudzu, mpweya osatuluka. Lyuben adamva dzanja likuyabwa m'thumba, likufuna kutuluka kuti likathandize mnzake, ndipo adaligwira nsalu ya thalauza mwamphamvu. Adaima choncho anthu akuluakulu, thukuta lili kamukamu, kudikira chitsulo chimalize kuganiza. Pamene chidatseka, Nevena adangoti, "Ndi mmene imachitira ndi ife osakondedwafe."

Kavalavuko adakamasulira pa tebulo la m'chipinda chokonzera makina. Mkati mudali zinthu zofiirira zomata ngati jamu wa maula wopserera pansi pa mphika. Adapeza kuti ndi oyilo wa ku kompuresa amene ankadutsa pang'onopang'ono limodzi ndi mpweya, n'kumaphikika ndi kutentha kwa chipinda chija mpaka kumata kachitsulo koyenda mkatimo. Ukakagogoda kankamatuka. Ukapanda kutero kankamatuka pa nthawi yake, ndipo tsiku lina kakadangokhala osamatukanso. Lyuben adakhudza zomatazo ndi chala, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire nkhaniyi adachita mantha enieni. Adaganiza za tsiku la ngozi, iye ali kunyumba akuthirira tomato, valavu ikudikira munthu wa tochi.

Mayi Pehlivanova adalamula kuti timavalavu tonse ta mtundu umenewo timasulidwe, ndi mapaipi a mpweya atsukidwe, riyakitala isanayake. Tidalipo tambiri. Tchuthi cha Jorji Woyera chidathera pomwepo, ndipo anthu amene adali atalonjeza kale azilamu awo nkhosa ndi mowa wa rakiya ankamuyang'ana Lyuben ngati ndiye adathira oyiloyo ndi supuni. Akamadutsa m'khonde wina ankagogoda pa khoma kawiri. Akafika pa kantini mayi wogawa chakudya ankagogoda pa mphika asanamupatse msuzi. Iye adasiya kukwinya nkhope. Munthu amene adaitanitsa yekha kamera, n'kumeta ndevu, alibe pokadandaula.

M'timavalavu tina adapezamonso jamu yemweyo, tina mwa ito pa mapaipi ofunika kuposa ija. A Belchev adamuitanira ku ofesi n'kumuuza kuti sakudziwa ngati amudzudzule kapena amuthokoze, poti dzanja limene lidabisa vutoli ndi lomwenso lidaliulula. Pomaliza adachita zonse ziwiri, kudzudzula kukhala kotalikirapo.

Pa tsiku la Jorji Woyeralo Temenuzhka adabweretsa mwendo wa nkhosa ku geti, wokutidwa m'nsalu, n'kuuza mwamuna wake kuti asayerekeze kuudya yekha. Lyuben adaunyamula mpaka kukachipinda kopumulira a shifiti, kumene Nevena ankamwa khofi. Adali atakonza mawu ambiri m'njira, okhudza kutentha, oyilo ndi mmene aliyense akadasokonezekera. Atafika adangouika pa tebulo.

"Amake a ubatizo, zala zanu zilibe mlandu."

"Ndikudziwa."

"Ndidalankhula ngati chitsiru pa msonkhano paja."

"Zimenezonso ndikudziwa. Mpeni mwabwera nawo?"

Adalibe. Adang'amba nyamayo ndi manja, yozizira, mafuta atagwirana, ndipo a shifiti ena adabwera kudzathandiza.

Riyakitala idayaka mochedwa, mwezi wa Meyi uli kumapeto. Padakhazikitsidwa lamulo latsopano loti palibe kukhudza valavu, kuitsamira kapena kuipukuta isanayesedwe, ndipo wophunzitsa lamulolo adasankha Lyuben, chida chophunzitsira n'kukhala kanema yemwe uja. M'dzinja Mayi Pehlivanova adatumiza uthenga woti akaonetse kanemayo ku msonkhano wa mainjiniya a maiko osiyanasiyana. Lyuben adapempha kuti nkhope yake ibisidwe. A Belchev adayankha kuti nkhope angathe kuibisa, koma mimbayo aliyense aizindikira.

Lyuben adapita. Adaima pamaso pa holo yodzaza, atavala suti ya pa ukwati wa mwana wake, n'kuonetsa dzanja lake likugogoda pa khoma lalikulu ngati la nyumba ya kanema. Anthu adaseka, iye adaseka nawo, kenaka adawaonetsa zithunzi za oyilo wopserera uja ndipo kuseka kudatha. Pa nthawi ya khofi injiniya wina wamtali wa imvi, wochokera ku siteshoni ya dziko lina, adamukokera pakona n'kuyang'ana uku ndi uku asanalankhule.

"Kwathu ilipo ina yotero," adatero motsitsa mawu. "Koma ife timaimenya ndi phazi."

Lyuben adapukusa mutu mwachisoni. Adayamba kumufotokozera kuti phazi limawononga waya, kuti pamafunika chinthu chopepuka, kumenya kwake cha m'mbali, pafupi ndi chivundikiro. Adali atanyamula kale supuni kuti amuonetse pa kapu pamene adadzimva zimene ankanena. Adaibweza supuniyo m'mbale, n'kumuuza mnzakeyo kuti akangofika kwawo akamasule kavalavuko.