Kuyambira pamene a Dickson anagwa m'chigafa

Enifa ndi amuna ake a Dickson anachoka ku Phalombe zaka zisanu ndi zinayi zapitazo kudzagwira utenanti pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Mkanda. A Dickson anali munthu wa nkhani. Kumunda ankalankhula, posoka fodya ankalankhula, ndipo nkhani zikatha ankayamba nyimbo za Chilomwe mpaka matenanti anzawo kugwira nthiti ndi phwete. Enifa ankawadzudzula kuti amasokosa.

Chaka chatha, mu Febuluwale, a Dickson anagwa m'chigafa m'mamawa. Kuchipatala anati ndi sitiroko: magazi anayamba kalekale kuthamanga kwambiri, iwo osadziwa. Anabwerako amoyo, koma mkono ndi mwendo wakumanja zitafooka, mawu atatsekeka.

M'nyumba munangoti zii. Enifa ankawasambitsa ndi kuwadyetsa osadandaula, koma chetechete ameneyo ndiye ankamudya mtima. Ankawafunsa dala zinthu zomwe ankazidziwa kale.

"Bambo a Tamandani, mango a kwathu aja amapsa mwezi uti?"

Iwo ankangomuyang'ana, milomo ikunjenjemera.

Fodya atapita ku okushoni, kunabwera a Benedicta, mlangizi wa zaumoyo, pa njinga yakapalasa. Anasonkhanitsa matenanti onse.

"Boma latipatsa makina oyezera kuthamanga kwa magazi ndi shuga," anatero. "Koma ine ndili ndekha, midzi ndi yambiri. Ndipatseni anthu anu ndiwaphunzitse. Inu mumange pokumanira."

Amuna anadula mitengo, amayi anamweta udzu, ndipo sabata isanathe chisakasa chinaima. Enifa ndiye anali woyamba kulembetsa. Pa tsiku lophunzira a Benedicta anamumanga lamba pamkono kuti ena aone, kenako anawerenga manambala a pa makinawo.

"Mayi, magazi anunso akuthamanga kwambiri."

Enifa anaganiza za kunyumba. Akagwa iye, a Dickson adzawasambitsa ndani?

Anapita kukalandira mankhwala. Mchere anachepetsa, ngakhale masiku oyamba ndiwo zinkangomveka madzi. Amayi a gululo analima dimba la mpiru ndi bonongwe m'mbali mwa dambo. Lachitatu lililonse Enifa ankakhala m'chisakasa kuyeza anthu, ndipo a Benedicta akabwera ankadzera kunyumba kwake kukamusonyeza kawongoledwe ka mkono wa a Dickson ndi mmene angawayendetsere.

Mmodzi yekha ankakana kuyezedwa, a Timoteyo, mnzawo wa a Dickson, amene chingambwe sichinkachoka pakamwa.

"Alamu, ine sindidwala," ankatero.

"Mnzanu uja ankadwala?" anafunsa Enifa. "Tiyeni mukamuone. Chigwereni simunalowemo m'nyumba muja."

A Timoteyo analowa mwamanyazi. Anakhala pamphasa, nayamba kukamba za mitengo ya fodya, koma panalibe wowatsutsa monga kale. Anasiyira nkhani panjira. Potuluka anapinda okha mkono wa malaya kuti Enifa awayeze. Makina anaonetsa zoopsa, ndipo tsiku lomwelo a Benedicta anawalembera kalata ya kuchipatala.

Madzulo ake Enifa anakhala kuseri kwa nyumba makina aja ali pamiyendo. Kanthu kochepa, kokwana m'kathumba ka shuga. Kanali kuti a Dickson asanagwe? Analira mosatulutsa mawu kuti amuna ake asamve.

Tsopano m'mawa uliwonse, dzuwa lisanatenthe, gulu limayenda kuzungulira esiteti, a Timoteyo ali kutsogolo. Enifa ndi a Dickson amatsalira m'mbuyo, ndodo kumanzere, iye kumanja. Poyamba ankalekezera pakhomo la oyandikana nawo. Kenako anafika pa mjigo. Mawu sanabwerebe, ndipo a Benedicta salonjeza kanthu. Mwana wawo Tamandani amaimba foni kuchokera ku Phalombe kuti abwerere kumudzi, koma Enifa amayankha kuti adikire kaye, abambo ake alimbe miyendo yokwerera basi.

Lachisanu lapitali anafika kumsewu wa ku Mkanda, kumene a Dickson anali asanapondeko chigwereni. Wakabaza wina anadutsa, n'kuwapatsa moni. A Dickson anaima akupumira m'mwamba, thukuta lili kamukamu.

"Tibwerere?" anafunsa Enifa.

Anapukusa mutu. Anasuntha ndodo, nakoka mwendo wofooka uja, ndipo Enifa anawagwira m'chiuno n'kupitirira nawo.