Foni ya Kuseri kwa Mpanda

A Inosenti ndi akazi awo a Bernardina anali ndi kaofesi kotayipira makalata kumaso kwa nyumba yawo ku Ulongwe. Nyengo yozizira itafika, intaneti inayamba kuchedwa, mamega n'kumatha msanga. Anaitana Telma, mwana wa mchimwene wawo wa a Bernardina, amene ankadziwa za makompyuta.

Telma anatsegula tsamba la kabokosi ka intaneti n'kupeza mafoni asanu ndi awiri achilendo. Anati senya, mawu achinsinsi olowera pa intanetiyo, yafala dera lonse, iyenera kusinthidwa. Akuwerenga mayina a mafoniwo, anaima pa limodzi.

"Azakhali, iyi ndi ya Joaquim."

Joaquim anali mwana woyamba wa a Inosenti ndi a Bernardina. Chaka chapitacho anasiya maphunziro a uphunzitsi n'kuyamba kunyamula anthu pa njinga yamoto, ndipo bambo ake anamuuza kuti asadzapondenso pakhomopo. Kuyambira pamenepo mayi ake ankangomva za iye kwa anthu kumsika. Telma anawaonetsa kuti foniyo inkalowa pafupifupi masana alionse, mphindi zochepa chabe. Anafotokoza kuti intanetiyo sifika patali, ndiye kuti mwini foniyo ankaima kuseri kwa mpanda, pansi pa mtengo wa mapichesi.

A Bernardina anapempha kuti mwana wawo asatsekeredwe. Telma anati asintha senya kenako amutumizira yatsopanoyo. A Inosenti anakana.

"Akaifuna alowe pachipata, adzandifunse ine."

Mumtima ankakhulupirira kuti abweradi. Telma atasintha, iwo analemba senya yatsopanoyo pakapepala n'kukaika m'thumba la malaya.

Mawa lake masana a Bernardina anamva njinga ikuima kuseri kwa mpanda. Anasiya kalata ya munthu pakati n'kuthamangira kuchipata, koma asanazungulire njingayo inalira n'kuchoka. Anangopeza fumbi.

Tsiku lomwelo anauza Telma kuti atumize senyayo mwamseri. Joaquim anauwerenga uthengawo koma sanayankhe, ndipo foni yake sinaonekenso.

Patatha milungu itatu kunabwera mnzake wa Joaquim wa pa njinga kudzatayipitsa kalata. Iye ndiye anawauza kuti Joaquim anagulitsa njinga n'kukwera chapa, minibasi ya ku Tete, akuti akafunafuna ntchito ku Joni. Mnzakeyo ankaganiza kuti makolowo akudziwa kale.

A Inosenti anafunsa tsiku limene ananyamuka, kenako anafunsanso ngati anatenga jekete. Mnzakeyo anati sakudziwa. A Inosenti anakhala pampando n'kunena kuti mutu ukuwawawa, akagone pang'ono. Makalata otsalawo a Bernardina anatayipa okha.